Cinjoka Cosuzumira pa Lupanga la ku Japan

Kutali kum'mawa, kupitirira dziko la China, kuli dziko la zilumba lochedwa Japan. Ambiri a ife dzina limeneli tinaliona koyamba pa wailesi, pa njinga yamoto kapena pa galimoto. Koma kalekale, mafakitale asanamangidwe, anthu a ku Japan anali kale amisiri a citsulo. Cinthu cimene anacisula mwaluso kuposa zonse ndi lupanga.

Dzikoli si lacilendo kwenikweni m'mbiri yathu. Apwitikizi anafika ku Japan m'caka ca 1543. M'caka ca 1581 munthu wina wakuda, amene a ku Japan anamucha Yasuke, anaonekera pamaso pa mfumu yankhondo Oda Nobunaga. Buku lina lolembedwa mu 1627 limati munthuyu anacokera ku Moçambique. Nobunaga anamulemba nchito, namupatsa nyumba ndi lupanga lalifupi.

Malupanga ambiri a masiku amenewo, ndi ena akale kuposa apo, alipobe mpaka lero. Pa ena mwa iwo pali zosema. Mmisiri anazokota pa citsulo ceniceni kangalande, cilembo, duwa kapena cinjoka. A ku Japan zosemazi amazicha horimono. Anthu osunga malupanga akale amatsutsana za zimenezi. Ena amati zosema zimakometsa lupanga. Ena amati zimaliononga. Ndani akunena zoona? Tisanayankhe, tiyeni tiyambe taona mmene lupanga limapangidwira.

Osula a ku Japan ankatenga mcenga wakuda wokhala ndi citsulo. Ankaumba ng'anjo ya dongo yochedwa tatara. Ankathiramo mcenga ndi makala mosinthanasinthana, usana ndi usiku, masiku atatu. Pomaliza ankagumula ng'anjoyo ndi kutulutsa cibuma cacikulu ca citsulo. Citsulo cabwino ca m'cibumaco ndico tamahagane. Makolo athu nawonso ankayenga citsulo m'ng'anjo za dongo, conco nchitoyi sitikuimva ngati nthano. Ku Okuizumo, m'cigawo ca Shimane, anadzutsanso ng'anjo yotere mu 1977. Pa ulendo umodzi imadya pafupifupi matani 10 a mcenga ndi matani 12 a makala, koma citsulo cotuluka sicifika matani 3.

Wosula amaika citsuloco pa moto, amacimenya ndi nyundo, amacipinda pakati, nacimenyanso. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Akapinda kamodzi, magawo ndi 2. Kawiri, ndi 4. Katatu, ndi 8. Akapinda ka 10, magawo afika 1024. Kupinda kumeneku kumacotsa zinyalala, ndipo kumasiya timizere pa citsulo tonga timizere ta pa thabwa lopala bwino.

Kenaka amatenga citsulo colimba nacikulunga pa citsulo cofewa, monga khungwa pa mtengo. Colimba ndico cimadula. Cofewa ca mkati cimateteza lupanga kuti lisathyoke. Mfundo iyi tiisunge, cifukwa tidzaifunanso: khungwa limeneli ndi locepa. Pomaliza wosula amamata dongo pa lupanga, lambiri kumsana, pang'ono cabe kukamwa kwake. Amalifiiritsa pa moto ndi kulimiza m'madzi. Kukamwa kumalimba kwambiri, ndipo pamatsala mzere woyera wonga mtambo kapena mafunde. Mzere umenewu ndi hamon. Wosema amabwera pambuyo pa zonsezi. Sangaseme kukamwa, nkolimba. Amasema pa mbali yofewa, ca kumsana, ndi tizitsulo takuthwa ndi kanyundo kakang'ono.

Cosema cofala kuposa zonse ndi kangalande koyenda m'litali mwa lupanga, kochedwa hi. Anthu ena amati ndi koyendamo magazi. Si zoona. Nchito yake ndi kupeputsa lupanga. Taonani citsulo ca njanji: pamwamba ndi pansi nconenepa, pakati ncoonda, koma sicipindika. Lupanga la kangalande liri cimodzimodzi. Limapepuka m'manja koma mphamvu yake siicepa kwenikweni. Apa palibe mkangano.

Zosema zina zinali mapemphero. Msilikali wa ku Japan, amene timamucha samurai, ankadziwa kuti mwina sadzabwerako kunkhondo. Conco ankafuna kuti mulungu wake akhale pa cida cake. Ambiri ankadalira Fudo Myoo, mtetezi wa m'cipembedzo ca Buddha. Ena ankasemetsa cilembo cimodzi cokha, coimira dzina la mtetezi. Zilembo zimenezi, zochedwa bonji, zinacokera ku India pamodzi ndi cipembedzoco. Ena ankasemetsa kalupanga kowongoka. Ena cinjoka cozengereza lupanga, citayasama kuti cimeze nsonga yake. Cimeneci ndi kurikara, cizindikiro ca Fudo yemweyo. Pa malupanga a zaka za m'ma 1200 ndi 1300, zosema zotere kawirikawiri zimakhala zazing'ono ndiponso pafupi ndi cogwirira. Sizinali zoonetsa anthu. Zinali pafupi ndi dzanja la mwini wake.

Kenaka zinthu zinasintha. Mu 1588 wolamulira dziko, Toyotomi Hideyoshi, analamula kuti alimi onse apereke malupanga ao. Kucokera apo lupanga linayamba kukhala cizindikiro cosiyanitsa samurai ndi munthu wamba. Mu 1603 banja la Tokugawa linatenga ulamuliro, ndipo pambuyo pa 1615 nkhondo za pakati pa mafumu zinatha kwa zaka zoposa 200. Samurai ankavalabe malupanga awiri m'ciuno, koma ambiri anakalamba osaona nkhondo. Lupanga linasanduka covala ca ulemu ndi mphatso ya pakati pa akuluakulu.

Zosema nazo zinakula. Ku Kyoto kunali mmisiri Umetada Myoju, amene anamwalira mu 1631. Banja lake linali la osema zokometsera za malupanga, ndipo iye anabweretsa luso limenelo pa citsulo ca lupanga ceniceni. Zinjoka za nthawi imeneyi zimaoneka mamba onse, limodzi ndi limodzi. Panabwera maluwa ndi nsungwi. Kusema kunasanduka nchito payokha. Wosula Tadayoshi wa ku Hizen, wophunzira wa Myoju, ankapereka malupanga ake kwa wosema wochedwa Munenaga. Pa malupanga ena maina onse awiri analembedwa pa mcira, mbali ya citsulo imene imabisika m'cogwirira. Ku Osaka, wosula Ikkanshi Tadatsuna ankasema yekha, ndipo pa mcirapo ankalemba kuti wosula ndi wosema ndi munthu mmodzi. Amisiri awa sanabise kanthu. Nchito yao iri ndi dzina.

Otsutsa zosema amayambira apa. Iwo amati kukongola kwa lupanga kuli m'timizere ta citsulo ndi mu hamon. Zimenezi zimabadwa pa moto ndi m'madzi, ndipo palibe malupanga awiri ofanana. Cinjoka cacikulu cimakwirira timizereto ndipo cimakoka maso. Munthu amayang'ana mamba, naiwala citsulo. Ife tikuona kuti mau awa ali ndi nzeru, koma ndi nkhani ya maso a munthu. Wina amakonda mtsuko wosalala, wina wolembalemba. Vuto lenileni liri pena.

Vutolo dzina lake ndi atobori, kutanthauza kusema kwa pambuyo pake. Lupanga lasulidwa kale, mwini nchito anamwalira zaka 200 kapena 300 zapitazo, ndiye munthu wina abwera ndi kanyundo kake. Cifukwa ciani?

Nthawi zina cifukwa cake ndi cilema. Popinda citsulo paja, magawo ena sagwirana bwino. Patapita zaka, pa lupanga pamatuluka kamng'alu kapena thuza. Lupanga lotere mtengo wake umatsika. Wamalonda wocenjera amaitana wosema. Wosema amakumba pa cilemapo, naikapo mtambo kapena mcira wa cinjoka. Cilema casowa, mtengo wakwera. Tonse tikumudziwa wogulitsa njinga amene amapaka utoto pamene panathyoka. Nthawi zina cilema palibe, koma wamalonda wangoona kuti wogula wosadziwa amakopeka ndi cithunzi. Mpata wa malonda otere unakula pambuyo pa 1876, pamene boma linaletsa samurai kuyenda ndi malupanga. Mabanja ambiri anasauka ndipo anagulitsa zida za makolo ao, zina kwa alendo a ku Ulaya ndi ku America.

Tsopano tikumbukire khungwa lija. Kusema ndi kucotsa citsulo, ndipo cimene cacotsedwa sicibwereranso. Lupanga lakale lanoledwa kale kambiri. Wonola wa ku Japan amakhala masabata awiri kapena atatu pa lupanga limodzi, ndi miyala yosiyanasiyana, ndipo kunola kulikonse kumadya khungwa pang'ono. Wosema wa pambuyo akakumba pa khungwa lotha kale, akhoza kufika pa citsulo cofewa ca mkati. Akalakwitsa dzanja, palibe cofufutira.

Kunola komweko ndiko kumaulula cinyengo. Cosema ceniceni cimakalamba pamodzi ndi lupanga lake. Mamba amafafanizika, cilembo cimaonda, mwina pamatsala theka lokha. Conco odziwa malupanga akaona lupanga loonda ndi ukalamba koma cinjoka cake ciri cakuthwa ngati ca dzulo, amakayika. Amafunsanso mafunso ena. Kodi wosula uyu ankasema zotere? Kodi cithunzi cotere cinalipo m'zaka zake? Nanga bwanji cosemaci ciri pamalo pacilendo, pamene osema samasemapo? Ku Japan kuli bungwe loyesa ndi kusunga malupanga, lochedwa NBTHK, limene linayamba mu 1948. Linayamba cifukwa nkhondo itatha mu 1945, asilikali a America analanda malupanga ambiri ndipo ena anaonongedwa. Kwa oyesa malupanga, cosema cakale cofafanizika si cilema. Ndi umboni wa zaka. Koma cosema ca pambuyo, ngakhale cikongole, kawirikawiri cimatsitsa mtengo.

Conco ife tikuima apa. Sitifunsa ngati cosema ncokongola. Tifunsa kuti anasema ndani, liti, ndipo cifukwa ciani. Cimene wosula anaciganizira poyamba, kuti cipeputse lupanga kapena cinyamule pemphero la mwini wake, ndi mbali ya lupangalo. Cimene anaonjezera munthu wina kuti abise cilema ndi bodza lolembedwa pa citsulo, pa dzina la mmisiri amene sangathenso kudziyankhira.

Pali lupanga limodzi limene linaona zosiyana ndi zimenezi. Silinaonjezeredwe kanthu. Linacotseredwa. Analisula ndi Kagemitsu wa ku Osafune, m'cigawo cakale ca Bizen, m'caka ca 1322. Mbali imodzi, mkati mwa kangalande, muli kacinjoka ka kurikara. Mbali inayo muli cilembo ca bonji. Zonsezi zinabadwa pamodzi ndi lupangalo. Patapita nthawi, mwini wake wina analiona kuti latalika. Lupanga la ku Japan salifupikitsa ku nsonga, cifukwa kumeneko ndiko kuli kulimba kwake. Amadula ku mcira, nakwezera cogwirira m'mwamba. Anatero, ndipo cogwirira cinakwirira mbali ya kacinjoka kaja. Kanatsala ngati kakusuzumira pakhomo.

Anthu sanalitaye lupangalo. Analipatsa dzina loti Koryu Kagemitsu, kutanthauza kacinjoka ka Kagemitsu. Ena amalicha cinjoka cosuzumira. Linafika m'manja mwa mfumu yaikulu Meiji, ndipo pambuyo pake boma la Japan linaliika m'gulu la cuma ca dziko lonse. Lero limasungidwa ku Tokyo National Museum, nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale. Kutalika kwake tsopano ndi pafupifupi masentimita 74. Akalitulutsa kuti anthu alione, amaligoneka lopanda cogwirira, mcira wake wodulidwa uli poyera, pamodzi ndi dzina la Kagemitsu.