Mapiritsi a Khansa Oletsa Chotupa Kumera Mitsempha ya Magazi

Pakati pa mankhwala a khansa amene atulukiridwa chiyambire zaka za m'ma 1990, pali gulu lina limene ntchito yake yaikulu ndi kuletsa thupi kumera timitsempha tatsopano ta magazi timene timadyetsa chotupa. Ambiri mwa mankhwalawa ndi mapiritsi amene wodwala amamwa ali kwawo, osagonekedwa m'chipatala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pafupifupi onse anali akadali pa mayeso ndipo ankangodziwika ndi manambala. Kuchokera nthawi imeneyo ena anavomerezedwa, pamene ena analephera ndipo anasiyidwa. Nkhani ino ikufotokoza chiyambi cha mankhwalawa, kagwiridwe kake ka ntchito, phindu ndi zovuta zake, komanso mmene akukhudzira odwala a m'chigawo cha kum'mwera ndi pakati pa Africa.

Chifukwa chake chotupa chimafuna mitsempha

Selo lililonse la m'thupi limadalira mpweya wa okosijeni ndi chakudya zimene magazi amabweretsa. Zinthuzi zikatuluka mu mtsempha sizipita patali, choncho chotupa chimene chilibe mitsempha yakeyake sichikula kupitirira mamilimita awiri, ngati njere ya mawere. Maselo a pakati pake akayamba kusowa mpweya amatulutsa mapuloteni opereka uthenga ku mitsempha yoyandikana nayo kuti iphuke nthambi zatsopano zolowera m'chotupamo. Akatswiri amakutcha kumera kotereku kuti angiogenesis. Thupi limachitanso zimenezi pa zifukwa zabwino, monga pamene bala likupola kapena pamene mwana akukula m'mimba. Vuto n'lakuti khansa imagwiritsa ntchito njira yomweyo, ndipo mitsempha yatsopanoyo imasandukanso misewu imene maselo a khansa amadutsamo popita ku chiwindi, m'mapapo kapena m'mafupa.

Ganizo la Judah Folkman

Amene anayambitsa ganizo lolimbana ndi khansa mwa njira imeneyi ndi Judah Folkman, dokotala wa maopaleshoni pa chipatala cha ana cha mumzinda wa Boston ku America. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, akugwira ntchito ndi asilikali apamadzi, iye anaona kuti maselo a khansa oikidwa m'ziwalo za nyama zosungidwa m'magalasi ankakula pang'ono kenako n'kuima, koma akawaika m'thupi la mbewa yamoyo ankamera mitsempha n'kukula msanga. Mu 1971 anafalitsa maganizo ake m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine, akunena kuti ngati kumera kwa mitsempha kungaletsedwe, chotupa chingakhale chosakula. Kwa zaka zambiri anzake ochuluka sanamukhulupirire, chifukwa panalibe amene anali atapeza puloteni yopereka uthengawo.

Umboni unabwera pang'onopang'ono. Mu 1983 gulu la Harold Dvorak, nalonso la ku Boston, linapeza puloteni yochokera m'zotupa imene imachititsa mitsempha kudontha. Mu 1989 Napoleone Ferrara wa kampani ya Genentech ku California anapatula puloteni yokulitsa maselo a m'kati mwa mitsempha n'kuitcha VEGF, ndipo zinadziwika kuti ndi puloteni imodzimodziyo.

M'mwezi wa May 1998 nyuzipepala ya New York Times inalemba pa tsamba loyamba za mankhwala awiri a m'chipinda chofufuzira cha Folkman, angiostatin ndi endostatin, amene anafafaniza zotupa mu mbewa. Odwala ambiri anakhamukira kwa madokotala pofuna mankhwalawo, koma atayesedwa pa anthu zotsatira zake zinali zochepa kwambiri. Akuluakulu amati kuthamanga sikufika: zimene zatheka pa mbewa sizitanthauza kuti zithekanso pa munthu. Folkman anamwalira mu January 2008, ataona mankhwala oyambirira a mtundu umenewu akuvomerezedwa.

Kusiyana kwa diripi ndi mapiritsi

Mankhwala oyamba opangidwira cholinga chimenechi amene bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la dziko la America, la FDA, linavomereza anali bevacizumab, amene amagulitsidwa ndi dzina loti Avastin. Anavomerezedwa mu February 2004 pothandiza odwala khansa ya m'matumbo imene yafalikira. Mankhwalawa ndi puloteni yaikulu imene imagwira VEGF ikadali m'magazi, ndipo sangamwedwe chifukwa m'mimba angagayidwe ngati chakudya. Amaperekedwa kudzera mu diripi. Pa mayeso aakulu, theka la odwala amene analandira bevacizumab pamodzi ndi mankhwala akale anakhala ndi moyo kupitirira miyezi 20.3, poyerekeza ndi miyezi 15.6 kwa amene analandira mankhwala akale okha.

Mapiritsi amagwira ntchito pamalo pena. Pa khungu la selo la m'kati mwa mtsempha pali tizolandirira uthenga timene VEGF imakhalapo. Ikakhalapo, mbali ya kacholandirirako imene ili m'kati mwa selo, yotchedwa tyrosine kinase, imayamba kugwira ntchito ndipo selolo limayamba kugawikana. Mankhwala okumwawa ndi ang'onoang'ono kwambiri moti amadutsa m'matumbo, kulowa m'magazi, kenako m'selo, n'kukatseka mbali imeneyo. Ambiri mwa iwo amatsekanso mapuloteni ena ofanana nayo, ndipo n'chifukwa chake amagwira ntchito pa khansa zingapo komanso amakhala ndi zovuta zosiyanasiyana.

Amene anapambana mayeso

Mankhwala atsopano amadutsa m'magawo atatu a mayeso pa anthu. Gawo loyamba limaona mlingo umene thupi lingapirire, lachiwiri limaona ngati chotupa chikusintha, ndipo lachitatu limayerekeza mankhwalawo ndi chithandizo chimene chilipo kale pa odwala mazana ambiri.

Sorafenib, wa makampani a Bayer ndi Onyx, anavomerezedwa ku America mu December 2005 pa khansa ya impso, ndipo mu 2007 pa khansa ya chiwindi. Pa mayeso otchedwa SHARP, amene anakhudza odwala khansa ya chiwindi 602, theka la omwa sorafenib anapitirira miyezi 10.7 ali moyo, poyerekeza ndi miyezi 7.9 kwa omwa mapiritsi opanda mankhwala. Sunitinib, amene pa mayeso ankatchedwa SU11248, anavomerezedwa mu January 2006 pa khansa ya impso ndi chotupa china cha m'mimba chotchedwa GIST. Pa odwala khansa ya impso 750, iye analetsa matendawa kukula kwa miyezi 11, pamene jakisoni wa interferon amene ankagwiritsidwa ntchito kale analetsa kwa miyezi 5. Pambuyo pake panabwera pazopanib mu 2009, axitinib, regorafenib ndi cabozantinib mu 2012, lenvatinib wa kampani ya ku Japan ya Eisai mu 2015, ndi fruquintinib amene anavomerezedwa ku China mu 2018 ndi ku America mu 2023.

Pali chifukwa chimene khansa ya impso inali yoyamba kugonja. Mu mtundu wake wofala kwambiri, jini yotchedwa VHL imakhala yowonongeka, ndipo selo limachita ngati likusowa mpweya nthawi zonse, n'kumatulutsa VEGF yochuluka mosalekeza. Ntchito yofotokoza mmene maselo amadziwira kuchepa kwa mpweya inapezetsa William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza mphoto ya Nobel mu 2019.

Amene analephera

Vatalanib, wa makampani a Novartis ndi Schering, ankayembekezeka kwambiri kuti adzakhala piritsi lolowa m'malo mwa diripi, koma mayeso awiri aakulu pa odwala khansa ya m'matumbo pafupifupi 2,000, amene zotsatira zake zinayamba kutuluka mu 2005, sanaonetse kuti akutalikitsa moyo. Cediranib wa kampani ya AstraZeneca analepheranso pa khansa yomweyo mu 2010. Vandetanib ankayesedwa pa khansa ya m'mapapo, koma kampaniyo inachotsa pempho lake mu 2009, ndipo anadzavomerezedwa mu 2011 pa mtundu wosowa wa khansa ya chithokomiro. Ngakhale bevacizumab, FDA inamuchotsera chilolezo cha khansa ya m'mawere mu 2011 itaona kuti phindu lake silikuposa kuopsa kwake.

Thalidomide ndi khansa ya Kaposi

Thalidomide anayamba kugulitsidwa ku West Germany mu 1957 ngati mankhwala ogonetsa tulo, ndipo amayi oyembekezera ankamwa pofuna kuletsa mseru. Anachotsedwa pamsika mu 1961 ana oposa 10,000 atabadwa olumala manja ndi miyendo m'mayiko ambiri. Mu 1994 Robert D'Amato, wa gulu la Folkman, anasonyeza kuti mankhwalawa amaletsa kumera kwa mitsempha, ndipo mu 2006 anavomerezedwa pa khansa ya m'mafuta a m'mafupa yotchedwa multiple myeloma. Lero zikudziwika kuti mbali yaikulu ya mphamvu zake imachokera pa kusintha chitetezo cha m'thupi ndi kuwononga mapuloteni ena a m'selo la khansa.

Nkhaniyi ikukhudza chigawo chino chifukwa cha khansa ya Kaposi, imene ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa amuna ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Khansayi imayambira m'maselo a m'kati mwa mitsempha, imayambitsidwa ndi kachirombo ka HHV-8 kamene kanapezeka mu 1994, ndipo imakula kwambiri mwa anthu amene HIV yafooketsa chitetezo chawo. Mu May 2020 FDA inavomereza pomalidomide, piritsi la banja la thalidomide, pa khansa imeneyi, kutengera mayeso a odwala 28 okha ku America. Kwa odwala Kaposi yofalikira m'chigawo chino, umboni wamphamvu uli pa ma ARV pamodzi ndi diripi ya paclitaxel, malinga ndi mayeso amene anachitikira m'mayiko monga Malawi, Zimbabwe, South Africa, Kenya ndi Uganda, amene zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2020.

Zovuta zimene mankhwalawa amabweretsa

Popeza mitsempha yabwinobwino imadaliranso VEGF, vuto lofala kwambiri ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo wodwala amafunika kuyezedwa BP pafupipafupi. Ambiri amatsegula m'mimba, amafooka, amatuluka zilonda m'kamwa, ndipo zikhatho ndi mapazi zimafiira, kutupa matuza ndi kusupuka. Ena tsitsi limayera, ndipo chithokomiro chimachepetsa ntchito. Zoopsa kwambiri, ngakhale sizichitikachitika, ndi kutaya magazi, kuundana kwa magazi, kubooka kwa matumbo, kufooka kwa mtima ndi kuwonongeka kwa chiwindi. Mabala sapola msanga, choncho mankhwalawa amaimitsidwa opaleshoni isanachitike. Mayi woyembekezera sayenera kuwamwa, ndipo omwa thalidomide kapena pomalidomide, amuna ndi akazi omwe, amalamulidwa kutsata njira zodalirika zolerera.

Mfundo ina yofunika m'mayiko amene muli TB ndi HIV yochuluka ndi kusagwirizana kwa mankhwala. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala akuluakulu a TB, amachititsa chiwindi kuwononga msanga mapiritsi monga sunitinib, ndipo mphamvu yawo imachepa. Ritonavir, amene amapezeka m'ma ARV ena, amachita zosiyana: amachulukitsa mankhwalawo m'magazi mpaka kufika poopsa. Wodwala ayenera kuuza dokotala mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo azitsamba.

Malire a chithandizochi

Mapiritsiwa paokha kawirikawiri sachiza khansa. Amaichedwetsa kwa miyezi, nthawi zina kwa zaka. Pakapita nthawi chotupa chimapeza njira zina, monga kutulutsa mapuloteni ena omeretsa mitsempha kapena kukula motsatira mitsempha imene ilipo kale. Mu 2001 Rakesh Jain wa ku Harvard anapereka ganizo lakuti phindu lina la mankhwalawa limabwera chifukwa amakonza kwa kanthawi mitsempha yopotoka ya m'chotupa, kotero kuti mankhwala ena amalowamo bwino. Masiku ano amaphatikizidwa kwambiri ndi mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi. Mu 2019 axitinib pamodzi ndi pembrolizumab anavomerezedwa pa khansa ya impso, ndipo mu 2020 atezolizumab pamodzi ndi bevacizumab anavomerezedwa pa khansa ya chiwindi ataposa sorafenib pa mayeso.

Mtengo ndi kupezeka kwake

Khansa ya chiwindi ndi vuto lakalekale m'chigawo chino, makamaka ku Mozambique, chifukwa cha kachirombo ka hepatitis B ndi poizoni wa chuku wopezeka mu mtedza ndi chimanga chosasungidwa bwino. Komabe mayeso a SHARP anachitikira makamaka ku Ulaya, pa odwala amene chiwindi chawo chinali chikugwirabe ntchito bwino. Pa mayeso ena a ku Asia, kumene odwala ambiri anali ndi hepatitis B, sorafenib anapereka miyezi 6.5 poyerekeza ndi 4.2. Odwala ambiri a mu Africa amafika ku chipatala matenda atakula kale, pamene mankhwalawa sangathandize kwenikweni.

Mtengo nawo unadzetsa mkangano. Mu March 2012 dziko la India linalola kampani ya Natco kupanga sorafenib popanda chilolezo cha mwini wake, Bayer, ndipo mankhwala a mwezi umodzi anatsika kuchoka pa marupee pafupifupi 280,000 kufika pa marupee pafupifupi 8,800. Ufulu umenewu, umene unatsimikizidwa ndi mgwirizano wa ku Doha wa 2001, ndi womwe Mozambique ndi Zambia anagwiritsa ntchito pa ma ARV mu 2004. Umwini wa ena mwa mapiritsi oyambirirawo unatha, ndipo makampani angapo akuwapanga motsikirapo mtengo.

Kwa wodwala wokhala kutali ndi chipatala chachikulu, piritsi limachepetsa maulendo ndi masiku ogonekedwa, koma silichotsa kufunika koyezedwa BP, magazi, chiwindi ndi impso, kapena kujambulidwa kuti aone ngati chotupa chikusintha. Pa khansa ya chiwindi, katemera wa hepatitis B kwa ana akhanda, chithandizo cha amene ali kale ndi kachiromboka, ndi kuyanika bwino mbewu zisanasungidwe, ndizo njira zimene zimapulumutsa anthu ochuluka pa ndalama zochepa.