Khitchini ya Agogo ku Seke

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 kukafuna ntchito ku Salisbury, n'kukwatira mkazi wa ku Seke. Pamene Seke, Zengeza ndi St Mary's ankaziphatikiza kukhala tauni ya Chitungwiza mu 1978, khitchini yozungulira ya agogo aakazi, kumudzi cha ku Dema, inali itakhala kale zaka zambiri. Inali ya mitengo yomata ndi dothi, lija Ashona amati dhaka.

Chaka chilichonse, mvula isanagwe, agogo ankakumba dothi la pachulu, kulikanda pamodzi ndi ndowe, n'kutseka ming'alu yonse. Akatero ankazira khoma ndi manja mpaka kusalala. Udzu wa denga unkapitirira khoma kwambiri kuti madontho azigwera patali, ndipo m'munsi munali kachiguwa koteteza ku madzi othamanga. Ife ana tinkangoona ngati ndi ntchito ya anthu osowa ndalama ya simenti.

Luso limeneli si ladzana. Ku Great Zimbabwe alendo amagoma ndi makoma a miyala, koma eni mzindawo ankagona m'nyumba za dhaka mkati mwa makomawo, ndipo zotsalira za pansi ndi zipupa zake zikuonekabe patatha zaka zoposa 500. Ku Djenné, m'dziko la Mali, mzikiti wadothi womwe unamangidwanso mu 1907 udakalipo chifukwa anthu a m'tauniyo amaumata chaka ndi chaka.

Agogo atafooka, amalume anabwera kuchokera ku Zengeza ndi matumba a simenti. Anati: "Amayi, mwavutika mokwanira, pumulani." Cholinga chinali chabwino, ndipo inenso ndinathandiza kutunga madzi. Koma dothi limamwa chinyezi n'kuchitulutsa dzuwa likawala, pomwe simenti imachitsekera mkati. Madzi ankalowa pa ming'alu ing'onoing'ono, osatulukanso, chiswe nacho chikudya mitengo mosaoneka. Patapita mvula zingapo, pulasitala inasupuka chigamba chachikulu, kumbuyo kwake kuli matope okhaokha.

Kwa Ashona khitchini si yophikira pokha. Ndi mmene mumakhala chikuva, polankhulira ndi makolo, ndiponso mmene maliro amagona usiku asanaikidwe. Agogo atamwalira, thupi lawo tinaligoneka m'khitchini yanjerwa yatsopano, mmene sanaphikemo n'kamodzi komwe.