Galimoto za apolisi ndi thumba la khonsolo: kuchokera ku Akron kufika ku Detroit

M'chaka cha 1899 mzinda wa Akron, m'chigawo cha Ohio ku America, unatulutsa madola 2,400 kupangira apolisi ake ngolo yoyenda popanda hatchi. Anaikonza ndi Frank Loomis, injiniya wa mzindawo. Inkayendera mabatire, ndipo ikayenda makilomita pafupifupi 48 inkafuna kutchajanso. Ntchito yake yoyamba inali yokanyamula chidakwa pamphambano ya misewu ya Main ndi Exchange. Mu Ogasiti 1900 mumzindamo munabuka zipolowe, khamu linatentha maofesi a mzinda, linalanda galimotoyo n'kuikankhira m'ngalande. Anaivuula, n'kuikonza, ndipo inapitiriza ntchito.

Kwathu kuno apolisi ndi a boma, ndalama zawo zimadutsa ku Nyumba ya Malamulo. Ku America apolisi ambiri ndi a mzinda, choncho makhansala ndi meya ndiwo amagamula za galimoto zawo ndi malipiro awo. Thumba lake ndi lomwelo limene limalipira ozimitsa moto, otola zinyalala ndi okonza misewu. Tambala yopita kwa uyu yachoka kwa uyo.

Chimene chinapatsa galimoto mphamvu ndi wailesi. Mu 1928 apolisi a ku Detroit anayamba kutumiza mauthenga kwa anzawo ali m'galimoto, ngakhale kuti am'galimotowo sankatha kuyankha. Pofika 1933 ku Bayonne, New Jersey, anayamba kulankhulana mbali zonse ziwiri. Kenaka kunabwera O. W. Wilson, yemwe anali mkulu wa apolisi ku Wichita ndipo pambuyo pake ku Chicago. Iye ankaphunzitsa kuti wapolisi mmodzi m'galimoto angalondere dera lomwe kale linkafuna anthu angapo oyenda pansi. Kwa makhansala amenewa anali mawu okoma zedi. Galimoto umagula kamodzi, ikatha n'kugula ina, koma munthu umam'lipira mwezi ndi mwezi, akadwala umam'samala, akapuma umam'patsa penshoni. Apolisi anachoka m'makwalala n'kulowa kuseri kwa magalasi, ndipo mwini golosale amene kale ankadziwa wapolisi wa m'dera lake ndi dzina anayamba kungoona galimoto ikudutsa.

Panapita zaka zambiri wina asanayese ngati kuzungulirako kumathandizadi. Mu 1972 ndi 1973 apolisi a ku Kansas City, pamodzi ndi ofufuza otsogozedwa ndi George Kelling, anatenga madera 15 n'kuwagawa patatu. M'madera asanu galimoto zinkangolowa zikaitanidwa. M'madera ena asanu zinkazungulira monga mwa masiku onse, ndipo m'asanu otsalawo anazichulukitsa kawiri kapena katatu. Zotsatira zake zinadabwitsa ambiri: umbanda sunasinthe kwenikweni, mantha a anthu sanasinthe, ndipo eni madera ambiri sanazindikire n'komwe kuti pali chimene chasintha. Ine ndimaona kuti pamenepa makhonsolo anayenera kuima kaye n'kufunsa kuti ndalama zikupita kuti. Ambiri anangopitiriza kugula, poti galimoto yatsopano imaoneka pamsewu ndipo khansala atha kuiloza nthawi ya chisankho, pomwe makaniko wa ku galaja ndi mayi woyankha foni usiku palibe amawaona.

Zowawa za nkhaniyi zinaonekera poyera ku Detroit komwe kuja. Mzinda umene mu 1950 unali ndi anthu oposa 1.8 miliyoni unatsala ndi anthu pafupifupi 700,000, misonkho n'kuchepa, koma misewu yoti ailondere ili yomweyo. Mu 2012 malipiro a apolisi anadulidwa ndi 10 peresenti. Lipoti la Kevyn Orr, yemwe boma la Michigan linamuika kuti ayendetse chuma cha mzindawo mu 2013, linati wapolisi ankatenga mphindi 58 kuti afike pa milandu yofunika changu, magetsi a mumsewu pafupifupi 40 pa 100 alionse anali ozima, ndipo ambulansi zoyenda zinali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Tangoganizani, mzinda umene unadziwika dziko lonse ndi kupanga galimoto unkasowa galimoto yoti ikanyamule wodwala.

Mu Malichi 2013 meya Dave Bing analengeza kuti makampani, kuphatikizapo Ford, General Motors ndi Chrysler, motsogozedwa ndi Roger Penske, asonkha madola 8 miliyoni. Ndalamazo zinabweretsa galimoto za apolisi 100 ndi ambulansi 23. Chinali chifundo chenicheni ndipo chinapulumutsa miyoyo. Koma palibe kampani imene inasonkhera malipiro a oziyendetsa. Pa 18 Julaye chaka chomwecho Detroit inapita kukhoti kukavomereza kuti yalephera kubweza ngongole za madola pafupifupi 18 biliyoni.

Mzindawo unatuluka m'manja mwa khoti mu Disembala 2014. Mbali ina ya mtolowo anasenza ndi anthu amene anaugwirira ntchito moyo wawo wonse. Penshoni ya ogwira ntchito wamba, monga makalaliki ndi madalaivala a basi, inadulidwa ndi 4.5 peresenti, ndipo kukwera kwake kwa chaka ndi chaka kunathetsedwa. Apolisi ndi ozimitsa moto opuma sanawadulire penshoni, koma kukwera kwake kunatsitsidwa kuchoka pa 2.25 peresenti kufika pa 1 peresenti.