Mbiri ya Zaluso Zakale ndi Njira Yatsopano Yoilumikizira

Munthu wochokera ku Blantyre pa ulendo wa ku Tete amadzera ku Mwanza, boma la mapiri ndi manachesi, asanaloŵe m'dziko la Mozambique pa Zobue. Malire amene amadutsa pamenepo adachokera m'pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la chaka cha 1891. Pangano limenelo lidagaŵa dziko, koma anthu a mbali ino ndi a mbali inayo adapitirizabe kukwatirana, kuomba ng'oma zofanana, kuumba mbiya ndi kuluka madengu mwa luso limodzi. Chimene chidagaŵikana ndi mbiri yolembedwa ya luso limenelo. Zolemba za mbali ino zidaloŵa m'mabuku a Chingerezi, za mbali inayo zidaloŵa m'mabuku a Chipwitikizi, ndipo mabukuwo sadziŵana. Nkhani ya lero ikufotokoza m'mene mbiri imeneyi idamwazikira, ndiponso njira imene akatswiri adapeza yoilumikizira.

Kumwazikaku kudayamba atsamunda asanakhazikike. Pa ulendo wa David Livingstone wa pa mtsinje wa Zambezi padali Thomas Baines, katswiri wojambula ndi penti, amene adajambula anthu ndi malo a ku Tete m'zaka za 1858 ndi 1859. Zambiri mwa zojambula zake zidapita ku London. Padalinso John Kirk, amene zithunzi zake za kamera zili m'gulu la zithunzi zakale kwambiri za chigawo chino, ndipo zina mwa izo zikusungidwa ku Edinburgh. Patapita zaka pafupifupi 100, m'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey adayendayenda m'dziko muno ndi makina ake nkumajambula nyimbo za m'midzi. Nyimbozo zili ku International Library of African Music, nkhokwe imene iye adaikhazikitsa mu 1954, imenenso idasamukira ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa mu 1978.

Kuno kumudzi nkhokwe zilipo zingapo. Nyumba yosungira zikalata zakale za boma ku Zomba idayamba mu 1947, ndipo nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri idatsegulidwa mu 1966. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976, kumene adasonkhanitsa nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400 pamodzi ndi matanthauzo ake. M'boma lomwelo muli mapanga a Chongoni, malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala: zofiira zimene amati nza Akafula, ndi zoyera za Acheŵa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Bungwe la UNESCO lidalemba malo ameneŵa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zithunzi zina za mapangaŵa zidatengedwa ndi bungwe la TARA la ku Nairobi, ndipo kuyambira mu 2013 British Museum idagwira ntchito yoika pa intaneti zithunzi pafupifupi 25,000 za bungwelo, zochokera m'maiko ambiri a mu Africa.

Nyumba iliyonse mwa zimenezi idalemba kaundula wake mwa njira yakeyake, ndipo vuto lagona pamenepo. Dzina loti Mwanza lomweli likhoza kusokeretsa wofufuza. Khadi la m'nyumba ya zakale ya ku Ulaya likangoti ng'oma yakuti idachokera ku Mwanza, woŵerenga sangadziŵe msanga ngati akunena boma la m'Malaŵi, kapena mzinda waukulu wa ku Tanzania wa m'mbali mwa nyanja ya Victoria, kapenanso mtsinje wa Mwanza umene umatsikira ku Chikwawa. Ngakhale atadziŵa kuti ndi boma, afunsebe kuti ndi Mwanza wa liti, popeza Neno idali mbali ya Mwanza mpaka mu 2003. Dziko lenilenilo lidasintha maina: lidatchedwa British Central Africa, kenaka Nyasaland mu 1907, kenaka Malaŵi mu 1964. Anthu ake nawonso adalembedwa mosiyanasiyana. Mlembi wina adati Maravi, wina Marave, wina Manganja, wina Nyanja, wina Cewa. Tsono munthu wofunafuna mawu oti Cheŵa pa kompyuta adzaphonya makhadi onse olembedwa Maravi, ngakhale kuti onsewo akunena za mbumba imodzi.

Njira imene akatswiri amaitcha linked data, ndiye kuti chidziŵitso cholumikizana, idakonzedwa kuti ithetse chisokonezo chotere. Mfundo zake adazilongosola mu 2006 Tim Berners-Lee, yemwe uja adayambitsa World Wide Web. Mfundo yoyamba njosavuta kwa Amalaŵi, chifukwa adaiona ndi maso pa kalembera wa unzika wa mu 2017. Anthu otchedwa ndi dzina limodzi ndi ambiri, koma aliyense adalandira nambala yakeyake pa chitupa chake. Chimodzimodzinso chinthu chilichonse cha m'mbiri, kaya ndi munthu, mudzi, ng'oma kapena chithunzi, chimapatsidwa keyala yakeyake ya pa intaneti, imene siisintha ngakhale dzina litalembedwa mwa njira khumi. Mwanza wa ku Tanzania amakhala ndi keyala yake, wa kuno yakenso, motero makina sangaŵasokoneze.

Mfundo yachiŵiri njakuti chilichonse chodziŵika chilembedwe m'timawu tifupitifupi ta zigawo zitatu: chinthu, ubale wake, ndi chinthu china. Mwachitsanzo: ng'oma iyi idasemedwa ndi mmisiri uje; mmisiri uje adabadwira ku Thambani; Thambani ali m'boma la Mwanza; Mwanza achita malire ndi chigawo cha Tete. Kamawu kalikonse nkakang'ono, koma popeza mathero a kamodzi ndiwo chiyambi cha kena, timawuto timalukana ngati ukonde. Umu ndi m'mene akuluakulu amamdziŵira mlendo pabwalo. Amamfunsa kwawo, mfumu yake, mfunda wake, ngati ndi Phiri, Banda kapena Mwale, mpaka wina atapeza kuti agogo a mlendoyo adakwatira m'mudzi momwemo. Pofika pamenepo mlendo uja wasanduka mbale. Khadi la m'kaundula likakhala palokha limanena zochepa, monga mwambi uja umati kali kokha nkanyama, koma likalumikizidwa ndi anzake limayamba kufotokoza mbiri.

Kuti nyumba zosiyana zimvane, pafunika kuti zigwirizane pa mawu a ubalewo. Chifukwa chake bungwe la nyumba zosungira zakale la dziko lonse lidakonza ndondomeko yotchedwa CIDOC CRM, imene idavomerezedwa kukhala muyeso wa maiko onse mu 2006. Ndondomekoyi imayang'ana kwambiri zochitika: kusemedwa kwa chinthu, kugulidwa kwake, kusamutsidwa kwake, ndipo pa chochitika chilichonse imafunsa kuti adachita ndani, kuti, ndiponso liti. Bungwe la Getty la ku Los Angeles lidatulutsa mwa njira yomweyi mindandanda yake ya mawu a zaluso ndi maina a malo mu 2014, ndi ya maina a amisiri mu 2015. Palinso Wikidata, nkhokwe imene idayamba mu 2012, imene munthu aliyense angathe kuwonjezeramo zimene akudziŵa. M'menemo chinthu chilichonse chili ndi nambala yoyamba ndi chilembo cha Q, ndipo nambala ya dziko la Malaŵi ndi Q1020.

Phindu lake likhoza kuoneka poganizira mphunzitsi wa ku Mwanza amene akufuna kuonetsa ana a sukulu luso la makolo awo. Lero ayenera kulemba makalata ku Zomba, ku Blantyre, ku London ndi ku Lisbon, nkudikira mayankho m'zinenero ziŵiri. Makaundula onseŵa atalumikizidwa, iye akadafunsa funso limodzi lokha, lakuti nziti zonse zimene zidapangidwa, kujambulidwa kapena kuimbidwa pakati pa Shire ndi Tete m'zaka zakutizakuti. Yankho likadabweretsa pamodzi chithunzi cha ku Edinburgh, nyimbo ya ku South Africa ndi mbiya ya ku Chichiri, popanda chinthu ngakhale chimodzi kuchoka pamalo pamene chikusungidwa.

Komabe makina ali ndi malire ake. Choyamba, sangalumikize chimene sichidalembedwe. Makhadi ambiri a nthaŵi ya atsamunda amatchula dzina la mzungu amene adatola chinthu, chaka chimene adachitola, ndi mtundu wa anthu, koma satchula dzina la mmisiri amene adachipanga. Zojambula za Baines zimadziŵika mwini wake, pamene mai woumba mbiya kapena bambo wosema ng'oma adasanduka "wosadziŵika". Makhadi otere akangokoperedwa m'kompyuta monga aliri, kusoŵa kwa maina kumeneku kudzafalikira dziko lonse lapansi. Amene angathe kudzaza mipatayi ndi okalamba a m'midzi, amene poona chithunzi amatha kuzindikira phiri, kalukidwe ka dengu kapena nkhope ya munthu. Chaka chilichonse okalamba otere akuchepa, ndipo ntchito yoŵafunsa siingadikire kuti makina afike.

Chachiŵiri, si chilichonse chimene chiyenera kuyalidwa poyera. Gule Wamkulu, amene UNESCO idamlemekeza mu 2005 ngati chuma cha Malaŵi, Mozambique ndi Zambia, ali ndi mbali ya pabwalo imene aliyense amaonera, ndi mbali ya kudambwe imene nja oloŵa okha. Chinamwali nachonso chili ndi zinsinsi zake. Njira ya linked data idabadwa ndi mtima wofuna kuti zonse zitseguke, choncho mafumu ndi anamkungwi ayenera kukhala nawo pogamula zoti ziululidwe ndi zoti zibisike. Maiko ena adakumana kale ndi vuto limeneli. Ku Australia, anthu a mtundu wa Warumungu adathandiza kukonza nkhokwe ya pa kompyuta yotchedwa Mukurtu mu 2007, m'mene eni mwambo ndiwo amasankha amene angaone chithunzi kapena kumva nyimbo, potsata malamulo a makolo awo.

Chachitatu, ntchitoyi imalira ndalama ndi chipiriro. Keyala imene yaperekedwa lero iyenera kugwirabe ntchito zaka 50 zikudzazo, ndipo pamafunika magetsi, makina ndi anthu ophunzira oti aziisamalira. Nyumba yosunga zakale ikayamba ndi thandizo la zaka zitatu popanda kuganizira za chaka chachinayi, ukonde uja umaduka ndipo makhadi amabwerera m'kusadziŵana kwawo kwakale.

Ngakhale zili choncho, gawo loyamba la ntchitoyi lili m'manja mwa omvera eni ake, ku Mwanza ngakhalenso m'maboma ena onse. M'nyumba zambiri muli chithunzi chakale cha ukwati kapena cha chilongedwe cha mfumu, muli mtondo, mpando kapena ng'oma imene idasiyidwa ndi agogo. Mwana wa sukulu atatenga kope nkulemba zinthu zinayi zokha, ndiye kuti dzina la chinthucho m'chinenero cha kwawo, amene adachipanga, mudzi ndi mfumu yake, ndi chaka, ndiye kuti walemba kale timawu tija timene akatswiri amatifuna. Tsiku limene makaundula a ku Zomba, ku London ndi ku Lisbon adzalumikizidwe, kope lotere ndilo lidzabwezere mmisiri wa kumudzi dzina lake.