Agogo anafunsa kuti: Kodi abwerako?



Sabata yatha kunabwera mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa Histole ku Fomu 4. Pano ali ku yunivesite, ndipo wapeza mwayi wokaphunzira kunja kwa miyezi isanu yokha. Ankafuna ndikamuthandize kulankhula ndi agogo ake, amene anamulera ndi ndalama yothyola tiyi. Nditafotokoza zonse, agogowo anangofunsa funso limodzi: "Aphunzitsi, kodi abwerako?"

Funso limeneli si la umbuli ayi. Kuno kwa Chimaliro mawu akuti mtchona timawadziwa. Ndiye ndati lero tione mbiri ya maulendo a sukulu, kuti agogowa tiwayankhe zoona.

Kale Mmalawi wofuna maphunziro apamwamba analibe kuchitira mwina koma kutuluka m'dziko. John Chilembwe anapita ku America mu 1897, nakaphunzira ku Lynchburg, Virginia. Mu 1900 anali atabwerako, n'kuyambitsa mishoni yake ku Mbombwe, kwa anansi athu a ku Chiradzulu. Zaka zitatu basi. Koma Kamuzu Banda atachoka, anadutsa ku Rhodesia, ku Joni, ku America ndi ku Britain, ndipo anadzaponda kuno pa 6 July 1958, patatha zaka zoposa 40. Ana a kwathu konkuno nawonso anatero. Bingu wa Mutharika anakaphunzira ku Delhi, ku India, kenako n'kugwira ntchito kunja zaka zambirimbiri. Mng'ono wawo Peter anaphunzira zamalamulo ku London ndi ku Yale, n'kukhala mphunzitsi ku America kwa zaka makumi angapo. Masiku amenewo ulendo wa sukulu unali ndi tsiku lonyamukira, koma lobwerera linalibe mwini.

Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa mu 1965, zinthu zinasintha, koma osati kwa onse. Wofuna udokotala ankayenerabe kukwera ndege. Ambiri akamaliza ankapeza ntchito konko, ena n'kukwatira konko. Mpaka kunabuka mawu oseleula akuti ku Manchester kuli madokotala achimalawi ambiri kuposa m'Malawi muno. Kaya wina anawerengadi, koma mawuwo ankaluma chifukwa m'zipatala zathu madokotala anali osowa.

Apa ndi pamene panabwera nzeru imene ndikufuna muisunge. Kuyambira mu 1986, ophunzira udokotala ankatumizidwa kunja ndi pangano latsopano: akaphunzire gawo loyamba kumeneko, koma chaka chomaliza adzachitire kuno, ndipo digiri idzakhale ya Yunivesite ya Malawi. Ena anapita ku St Andrews ku Scotland ndi ku London, ena ku Australia, ena ku Cape Town. Mu 1991 College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre, ndipo gulu loyamba linabwera kudzamalizira pa chipatala cha Queen Elizabeth. Linalandira madigiri mu 1992. Mmodzi mwa anthu amene anaimenyera nkhondo sukuluyi anali Pulofesa John Chiphangwi. Mu 1994 koleji inayamba kuphunzitsa yokha kuyambira chaka choyamba, ndipo mu 2021 inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences.

Chinsinsi chake chinali chiyani? Sikuti ana a 1986 ankakonda dziko kuposa akuluakulu awo. Kungoti ulendo wawo unamangidwa chingwe kumudzi. Pepala limene ankalifuna linali kuno. Komanso chaka chomalizacho chinkawakumbutsa kuti wodwala wa kuno amabwera ndi malungo, chifuwa chachikulu kapena mwana wonyentchera, ndipo amafotokoza ululu wake m'Chichewa, m'Chilomwe kapena m'Chiyao. Zimenezi ku London sakanaziphunzira. Sindikunena kuti onse anakhazikika. Ena anadzapitanso kunja. Koma sukulu ya udokotala imene tili nayo inayamba ndi anthu amene anapita n'kubwerako.

Chochititsa chidwi n'chakuti nthawi yomweyo, mu 1987, mayiko a ku Ulaya anayambitsa ndondomeko ya Erasmus. Mfundo yake ndi yofanana: wophunzira amapita ku yunivesite ya dziko lina kwa miyezi ingapo kapena chaka, mamalikisi ake amawerengedwa kwawo, ndipo amabwerera kudzamaliza kumene anayambira.

Lero yunivesite ili pakhomo pathu penipeni. MUST inayamba kulandira ophunzira pa Ndata mu 2014. Mwana wa ku Goliati sakufunikanso kuwoloka nyanja kuti aone khomo la yunivesite. Kupita kunja tsopano kukhale kokaonjezera, osati kothawa.

Choncho inu ana anga, mukapeza mwayi wotere, musanajambulitse chithunzi cha pasipoti funsani zinthu zitatu. Kodi zimene ndikaphunzire ziwerengedwa pa digiri yanga? Kodi alipira ndani ndege, chakudya ndi malo ogona, kuti agogo asagulitse mbuzi? Nanga ndikabwerako, malo anga m'kalasi ndidzawapeza? Mayankhowo akupatseni olemba, osati a pakamwa. Ndipo ife aphunzitsi tisamangouza ana kuti wakhoza ndi amene wapita kunja. Tiziwauzanso za amene anabwerako.

Agogo aja ndinawayankha kuti: "Agogo, digiri yake ili kuno, ndipo sangaitenge asanabwere." Anakhala chete pang'ono, kenako anati amukazingira mtedza wa paulendo. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka.