Komboni Sinamangidwe Kuti Ikhalitse

Ana a m'kalasi mwanga amaseka ndikawauza kuti George linali dzina la munthu, George Hadjipetrou, mwini malo amene anthu anamangapo tizisakasa. Lusaka atakhala likulu mu 1935, atsamunda ankaona munthu wakuda ngati mlendo m'tauni: nchito ikatha, anyamule citupa cake abwerere kumudzi. Nanga ndani angagulire malata nyumba yoti mawa igwetsedwa? Cisanu ca June cinkawapeza m'tinyumba ta dothi ndi udzu, caka ndi caka.

Lamulo la 1974 linabweretsa laisensi ya zaka 30, ndipo ngongole ya World Bank inafikitsa mipopi ndi miseu ku George ndi Chawama. Apo m'pamene ambiri analimba mtima kugula simenti, ngakhale kuti laisensiyo simakupatsa umwini wa nthaka.