Ndege Zankhondo Zoyambirira ndi Masewera a pa Kompyuta

Nkhondo Yoyamba Yapadziko Lonse itabuka mu 1914, ntchito ya ndege inali kuzonda kumene adani amanga misasa. Oziyendetsa akakumana mlengalenga ankawomberana ndi mfuti zam'manja, ndipo kawirikawiri ankangophonyana.

Chopinga chinali pulopela. Malo abwino a mfuti yachiwaya ndi patsogolo pa woyendetsa, kuti azingolozetsa ndege yonse kwa mdani, koma zipolopolo zikanaphwanya mapiko a pulopela yake yomwe. Mu Epulo 1915 Mfalansa Roland Garros anauluka ndi Morane-Saulnier yomwe pulopela yake anaikhomera zitsulo zopatutsa zipolopolo, ndipo anagwetsa ndege zitatu za Ajeremani asanagwidwe pa 18 mwezi womwewo. Ajeremani anabwera ndi nzeru yoposa pamenepo: chida cholumikiza injini ndi mfuti, kuti chipolopolo chizituluka pokhapokha phiko la pulopela litadutsa. Ambiri amatamanda Anthony Fokker yekha, koma kutero n'kuwalakwira ena. Franz Schneider anali atalembetsa kale nzeru yofanana nayo mu 1913, ndipo kufakitale ya Fokker thukuta lambiri linali la amisiri monga Heinrich Lübbe. Chimene Fokker ayenera kuyamikiridwa nacho ndi changu, pakuti pofika pakati pa 1915 ndege yake ya Eindecker inali italowa kale m'nkhondo. Ndege yomenyera nkhondo inabadwira pamenepa.

Mu 1916 woyendetsa ndege wa Ajeremani, Oswald Boelcke, analemba malamulo a kamenyedwe: dzuwa likhale kumbuyo kwako, mdani umudzere kumsana, uwombere uli pafupi. Wophunzira wake, Manfred von Richthofen, yemwe ankadziwika kuti Red Baron, anagwetsa ndege 80 asanaphedwe pa 21 Epulo 1918.

Masewera oyamba a pa kompyuta anatengako dzina la Red Baron ndi phokoso la mfuti basi. Atari inatulutsa Red Baron kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndege zake zili timizere toyera pa galasi lakuda, ndipo Microsoft Flight Simulator ya 1982 inali ndi kachigawo ka nkhondo ya 1917. Amene anailemekezadi mbiriyi ndi Damon Slye ndi anzake a ku Dynamix. Mu Red Baron yawo ya 1990 wosewera ankayamba ali wamng'ono paudindo, n'kumakwera, n'kumalandira ndege zatsopano malinga ndi chaka cha nkhondo. Mfuti inkatha kukakamira mdani ali pamphuno, monga zinkachitikira anyamata a nthawi ija.

Rise of Flight ya 2009 inafika pozama kwambiri. Injini ya Sopwith Camel inkazungulira pamodzi ndi pulopela, choncho ndegeyo inkakhota msanga kumanja, ndipo inapha ophunzira ambiri asanaone n'komwe mdani. M'masewerawa Camel imachita khalidwe lomwelo: wosewera ayenera kusamala kasakanizidwe ka mafuta ndi mpweya, ndipo akatsika mwaliwiro lopitirira muyeso mapiko amatha kuthyoka.